Zikomo poyeza kaye musanagulitse sensa yatsopano

Kwa Oyang'anira ndi amakaniko onse a pa galaja,

Takulemberani pofuna kuthokoza momwe mumagwirira ntchito galimoto ikabwera itayatsa kanyali ka traction control, makina oletsa matayala kupalasa poterera. Amakaniko ambiri akangokaona amathamangira kugula sensa yoyeza liwiro la tayala, n'kumanga, n'kudikira kuti kazime. Inu mumayeza kaye, ndipo n'zimene tikuyamikira.

Tinasangalala kuona kuti mumayamba ndi kufunsa mwini galimoto ngati kanyaliko kakuphethira kapena kangoyaka osazima. Kakamaphethira m'matope kapena pamsewu wonyowa, makinawo ali pa ntchito yake: tayala lina likupalasa, ndiye kompyuta ikuchepetsa mphamvu ya injini kapena kugwira buleki ya tayala lomwelo. Apo palibe chokonza. Kakayaka osazima, mumaona kaye batani lozimitsira, poti bondo kapena chikwama chimatha kulidina mwini wake osadziwa.

Zotsika mtengo mumazimaliza musanafike pa zodula. Batire lodzaza bwino liyenera kuonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikulira. Magetsi akachepa polizira injini, kompyuta ya ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereka pogwira buleki) imatha kulemba vuto pomwe palibe. Mumayang'ananso mafuzi, mafuta a mabuleki, kaswichi ka pa chopondera buleki, ndi matayala. Tayala limodzi la saizi ina, kapena lophwa kwambiri, limazungulira mosiyana ndi anzake, ndipo kompyuta imaliona ngati likuterereka.

Pa makina oyezera ndi pomwe ambiri amasokonekera. Sikana yotchipa (kachipangizo kowerenga mavuto olembedwa mu kompyuta ya galimoto) ikalumikizidwa pa soketi ya mapini 16 pansi pa dashibodi imangowerenga makodi (manambala osonyeza vuto) a injini, oyamba ndi P, n'kunena kuti zonse zili bwino. Vuto la traction control nthawi zambiri limakhala m'makodi oyamba ndi C, omwe amafuna sikana yolowa mu kompyuta ya ABS, chifukwa makina awiriwa amagwiritsa ntchito masensa amodzimodzi. Pa galimoto zambiri C0035 ndi tayala lakumaso kumanzere, C0040 lakumaso kumanja, C0045 lakumbuyo kumanzere, C0050 lakumbuyo kumanja. Chimene chinatikhutiritsa n'chakuti kodi ya vutoyo simuitenga ngati chigamulo. Kodiyo imangoloza tayala. Sinena ngati cholakwa ndi sensa, waya, pulagi kapena ringi, imene imazungulira limodzi ndi tayala kuti sensa iziiwerenga.

N'chifukwa chake mumayendetsa galimotoyo pang'onopang'ono, mwina makilomita 30 pa ola, wina akuyang'ana liwiro la matayala onse anayi pa sikana. Nambala imodzi ikamagwa pa ziro podumpha mabampu kapena pokhota, mumatsata waya. Waya wa sensa amaduka mkati pomwe amapindika pafupi ndi shoko, chikopa chake chikuoneka chabwinobwino, ndipo mumamugwedeza ndi dzanja uku mukuyeza mpaka vutolo lidzionetse. Nambala ikamasowa pa liwiro lotsika pokha, mumakayikira mpata wa pakati pa sensa ndi ringi. Dzimbiri likamera pansi pa sensa limainyamula pang'ono, chizindikiro n'kufooka. Mumaichotsa, n'kupala pomwe imakhala, n'kupukuta tinyenyeswa ta chitsulo tomwe maginito ake amakoka. Kangapo ntchito imathera pomwepo, popanda kugula kanthu. Ringi ya mano nayonso dzimbiri limaitupitsa mpaka kusweka, ndipo mng'alu umodzi wokha umakwanira kuti ABS izigwira yokha galimoto ikatsala pang'ono kuima.

Tikuyamikiranso kuti mumasiyanitsa mitundu iwiri ya masensa, chinthu chimene ena sachilabadira. Sensa yachikale ili ndi koyilo mkati: mumaiyeza maohmu (muyeso wa momwe chinthu chimakanizira magetsi kudutsa), nthawi zambiri pakati pa 800 ndi 2,000 malinga ndi buku la galimotoyo, ndipo mukazungulitsa tayala pa jeke imatulutsa yokha magetsi a AC. Sensa yamakono imalandira magetsi kuchokera ku kompyuta, ndipo zambiri mwa izo zimatumiza chizindikiro chosinthasintha pakati pa 7 ndi 14 mA (mamiliampu, muyeso wa magetsi oyenda m'waya). Imeneyi kuiyeza maohmu sikukuuzani kanthu, mwinanso n'kuiwononga. Masensa abwino ambiri atayidwa chifukwa choyezedwa molakwika chonchi.

Nkhani ya bering'i tisaiiwale. Pa galimoto zambiri zamakono ringi ndi ya maginito, ndipo ili pa chitsekero cha mbali imodzi ya bering'i. Wina akaipuresa chozondoka, maginito n'kuyang'ana kunja, sensa siona kanthu ndipo kanyali kamayaka galimoto ikangoyamba kuyenda. Kuitulutsanso kumaiwononga, ndiye kugula ina. Inu mumaika khadi loonetsa maginito musanapurese, komanso mumafunsa mwini galimoto ngati wina anagwirapo tayala limenelo posachedwa. Funso lomweli limathandiza pa sensa ya chiwongolero, imene pa galimoto zambiri imafuna kuikidwanso pa ziro ndi sikana akamaliza alayimenti. Ndipo pa Toyota zambiri kanyali ka VSC (makina oletsa galimoto kuterereka, ogwira ntchito limodzi ndi traction control) kamayaka limodzi ndi ka injini, kotero mukakonza vuto la injiniyo, tonse tiwiri timazima.

Pomaliza ntchito, simungofufuta makodi n'kupereka makiyi. Mumabweza waya m'tizigwiriro take kuti asakhudze tayala, mumayendetsanso galimoto kuti kompyuta idziyeze yokha ili pa msewu, kenako n'kuwerenganso ngati kodi yabwerera. Chitsulo chimene mwachotsa mumachibweza kwa mwini wake pamodzi ndi pepala la zimene munayeza. Chonde musasiye kupereka pepalalo, ndipo ngati n'kotheka muzilembaponso mtundu wa sensa imene mwamanga, kuti wodzagwira galimotoyo pambuyo panu adzadziwe poyambira.

Mutiperekere moni ndi kuthokoza kwathu kwa amakaniko onse, makamaka amene amagwira za magetsi.

Ndife anu,
Oyang'anira galimoto zimene mumatikonzera