Mungu wa njuchi ndi chakudya, tisaunamizire kuti umachiza khansa

A Mkonzi,

Ndine mlimi wa njuchi kuno ku Bembeke, ndipo ndikupempha danga ndiyankhulepo za mungu, ufa wa m'maluwa uja njuchi zimabwera nawo kumng'oma utamatirira kumiyendo yakumbuyo. Masiku ano ena akuugulitsa m'timabotolo ndi pa WhatsApp, amvekere umachiza khansa. Zimenezi zikundiwawa, ngakhale inenso ndikanatha kudyerapo.

N'zoona kuti mu mungu muli zomanga thupi, mavitamini ndi tinthu tina monga quercetin ndi kaempferol. Akatswiri atayesa tinthuti pa maselo a khansa m'labotale komanso pa mbewa, anaona maselo ena akuchedwa kuchulukana. Zathera pamenepo. Umboni woti munthu wodwala khansa amachira akadya mungu palibe.

Nkhani yoti ife alimi tiikambirane ndi kasamalidwe kake. Mungu wongokolola kumene umakhala wonyowa, madzi ake amafika magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse. Ndi chifunga cha kuno ku Dedza cha mu Juni ndi Julayi, ukangousiya masiku owerengeka wachita chuku. Poizoni wa chuku, yemwe uja timamuopa mu mtedza ndi chimanga, amayambitsa khansa ya chiwindi. Taganizani, mayi wagulitsa mbuzi kuti agule botolo la mankhwala, m'botolomo muli chomuwonjezera matenda!

Mungu uumitsidwe msanga pamthunzi podutsa mphepo, kapena pa kutentha kosapitirira madigiri 40, kenako utsekeredwe m'botolo louma. Kuukazinga m'chiwaya ayi, moto umapha mavitamini. Chinanso, kanjere kalikonse kali ndi chigoba cholimba chomwe m'mimba mwathu simugaya bwino, n'chifukwa chake ndi bwino kuusinja kapena kuuviika m'madzi ofunda usanauthire m'phala. Njuchi zenizo zimaukanya ndi uchi n'kuusiya m'malesa kuti usase kaye. Odwala mphumu asamale nawo, ena umawatupitsa ndi kuwabanikitsa.

Amayi akumva zachilendo m'thupi athamangire kuchipatala kukayezetsa khomo la chiberekero, asataye miyezi ndi botolo. Katemera wa atsikana wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, anakhazikitsidwa m'dziko muno mu 2019, ana athu akabayitse. Ndikupemphanso akatswiri a ku Bunda ndi a Malawi Bureau of Standards kuti afike kumakalabu athu a njuchi, atiphunzitse kaumitsidwe koyenera ndi kutiyezera mungu wathu tisanapite nawo pamsika wa Lizulu.

Mlimi wa njuchi,
Bembeke, Dedza