Mlombwa wa masiku ano wachuluka zoyera

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu za mtengo wa mlombwa, umene wandidyetsa ine ndi ana anga kuno ku Nkhotakota kuyambira pamene ndinaphunzira kugwira sowo ndili mnyamata. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi chitseko chimene aphunzitsi ena a m'dera lathu anabwera nacho ku shedi kwanga mwezi wathawu. Anachigula zaka ziwiri zapitazo atauzidwa kuti ndi mlombwa weniweni, ndalama anapereka za mlombwa, koma chinali chitayamba kale kuthothoka ufa m'timabowo tating'ono ngati toboola ndi singano. Nditapala vanishi ndinaona kuti wogulitsayo sananame kwenikweni. Matabwa anali a mlombwa ndithu, kungoti mbali yaikulu inali zoyera zimene anazipaka utoto wofiirira kuti zifanane ndi mtima.

Anthu ambiri ogula sadziwa kuti chipika cha mlombwa chili ndi matabwa amitundu iwiri. Pakati pali mtima, umene maonekedwe ake amayambira kofiirira ngati uchi mpaka kofiira kwambiri, nthawi zina wokhala ndi mizere yakuda yoyenda ngati mafunde. Kunja kwake, kufupi ndi khungwa, kuli zoyera. Mbiri yonse imene mlombwa uli nayo ndi ya mtimawo, chifukwa ndi umene chiswe chimaulambalala, ndiponso ndi umene suola msanga ngakhale uzinyowa. Zoyerazo n'chakudya cha tizilombo toboola matabwa, ndipo mmisiri amene anandiphunzitsa ntchito ankazichotsa zonse n'kupereka kwa amayi kuti asonkhere moto, osayang'ana n'komwe kuti thabwa lachepa.

Chimene ife amisiri timaukondera mtengowu koposa ndi kukhazikika kwake. Thabwa la mlombwa likamauma silifota kwambiri, kufota kwake sikufika ngakhale magawo atatu pa 100 alionse, choncho silipindika kapena kung'aluka mwachisawawa. Aliyense wokhala m'mphepete mwa nyanja akudziwa mmene nyengo imasinthira kuno: mu Okutobala mpweya umauma gwa, pofika Febuluwale chinyezi chili paliponse mpaka mchere umasungunuka m'mbale. Chitseko cha paini kapena cha bulugama wosauma bwino chimatupa nthawi ya dzinja mpaka mwini nyumba amachita kuchikankha ndi phewa, kenaka m'chilimwe chimasiya mpata woti buluzi n'kulowa. Cha mtima wa mlombwa chimatsekeka mofanana chaka chonse. N'chifukwa chake mafelemu a mazenera ndi zitseko za nyumba zakale zambiri akadali chilili, pamene malata a nyumba zomwezo anasinthidwa kale.

Mtengowu ndi wolimba koma si wolemera mopambanitsa, pakuti ukauma umalemera makilogalamu oposa pang'ono 600 pa kiyubiki mita imodzi. Umamvera sowo ndi tchizulo, umagwira bwino guluu ndi misomali, ndipo ukaupala ndi puleni yakuthwa umatulutsa kafungo kokoma kamene mmisiri aliyense angakazindikire atatseka maso. Pamene mizere yake yapotana pamafuna kuleza mtima, chifukwa puleni yobuntha imazula thabwa m'malo molisalaza. Ndichenjezenso anyamata ongoyamba ntchito kuti utuchi wake umayetsemulitsa ndipo ena umawabanikitsa pachifuwa, choncho azimanga kansalu kumphuno akamakwecha ndi sandipepa. Mbawa nayo ndi yabwino pa matebulo ndi makabati a m'nyumba, sindikuinyoza, koma pamalo pofika mvula ndi chiswe ine ndimasankha mlombwa. Asodzi akale ankadziwa zimenezi pofuna mtengo wosema bwato, monganso osema mitondo ndi ng'oma.

Nanga n'chifukwa chiyani zoyera zachuluka pamsika? Yankho lake lili m'tchire. Mtengo ukakhala waung'ono, mtima wake umakhalanso waung'ono, ndipo wocheka amene wagwetsa mtengo wosakhwima sangapeze thabwa lotambalala popanda kulowetsamo zoyera. Pamene ndinkayamba ntchito, ocheka ankakumba dzenje, n'kugoneka chipika pamwamba pake, wina n'kuima pamwamba wina pansi utuchi ukumugwera kumaso, ndipo chipika chimodzi chinkawatengera masiku angapo. Ntchitoyo inali yowawa moti palibe amene ankataya mphamvu zake pa kamtengo koti mwana n'kukakumbatira. Lero makina amacheka chilichonse chimene chaima, ndipo matabwa amene amafika kwa ife ndi opapatiza, aawisi, oyera mbali zonse ziwiri.

Vuto ndi lakuti mlombwa sufulumira. Nthanga yake, imene imakhala pakati pa chikhokhombe chozungulira ngati mbale chokhala ndi minga pakati, simera mosavuta. Ikamera, kamtengoko kamauma kumtunda chilimwe chilichonse n'kuphukanso mvula ikagwa, ndipo kamachita zimenezi kwa zaka zingapo uku muzu ukukula pansi, kufikira utapeza mphamvu zoponya thunthu lenileni. Alimi ambiri akakaona kouma amayesa kafa, amakazula posadza mizere, kapena kamapsa ndi moto wolusa wa osaka mbewa. Kuchokera pamenepo kufika poti muchekemo chitseko pamapita zaka makumimakumi, moti wosamala mtengowo kawirikawiri si amene amadzaucheka. Agogo athu ankauopa mtengowu chifukwa ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, umene ena ankapaka pa zipere. Kaya mantha amenewo anali ndi maziko kapena ayi, mitengo inkatsala.

Kuchepa kwa mitengoyi si nkhani ya ku Nkhotakota kokha. Mu Novembala 2022, pamsonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire ndi zomera kuti zisathe, umene unachitikira ku Panama, maiko anagwirizana zoika mitengo ya mu Africa ya banja la mlombwa, pamodzi ndi mbawa ndi msambamfumu, pamndandanda wachiwiri, kutanthauza kuti matabwa ake satuluka m'dziko popanda chilolezo chapadera. Kuno kwathu lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, si malo oti munthu angakadulemo mtengo. Zonsezi n'zabwino, koma sizifika pamunda wa munthu wamba pamene kamlombwa kakulimbana ndi khasu.

Pempho langa likupita choyamba kwa mafumu athu ndi alangizi a zankhalango. Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timamva zambiri za mbande za m'machubu, ndipo zambiri mwa izo ndi mitengo yokula msanga. Ndikanakonda kuti pamisonkhano yomweyo anthu azionetsedwa masamba a mlombwa waung'ono, kuti womera wokha m'munda kapena m'nkhalango ya m'mudzi azimulambulira udzu kuzungulira moto usanafike. Kamtengo kotere kali kale ndi muzu wa zaka zingapo, ndipo sikafuna kuthirira.

Kwa amisiri anzanga ndikuti tileke kuwononga mtima wa mlombwa pa zinthu zimene bulugama wouma kapena malaina angathe, monga mabenchi, mashelefu ndi mitanda ya denga, ndipo pamene taikapo zoyera tizimuuza wogula poyera n'kutsitsako mtengo. Ogula nawo azipempha kuona katundu asanapakidwe vanishi, kapena ayang'ane kunsi kwa chitseko ndi kuseri kwa kabati kumene utoto sufika kawirikawiri.

Chitseko cha aphunzitsi aja ndachiphwasula. Zoyera ndachotsa, ndipo m'malo mwake ndaikamo matabwa ochokera ku bedi lakale la malemu bambo anga, limene linagona m'khonde zaka zambiri osabooledwa ndi kachilombo ngakhale kamodzi. Adzachitenga Loweruka likudzali.

Mmisiri wa matabwa,
Nkhotakota.