Kwa inu amene munakongoletsa phwando la mwana wanga Loweruka lapitali, chonde ndiyankheni

Ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa kwina konse mwandikhalira chete. Kuyambira Lamlungu ndakutumizirani mauthenga asanu pa WhatsApp, onse akuonetsa kuti mwawerenga. Ndaimba katatu, foni ikungoitana. Koma dzulo madzulo ndinaona mwaika chithunzi cha phwando lathu lomwelo pa Facebook, mutalemba kuti ntchito ina yatheka bwino. Apo m'pamene mtima unandiwawa zenizeni, ndipo ndati bola tikambirane poyera, makolo ena amene akufuna kukupatsani ntchito akumva nawo.

Mwana wanga wakwanitsa zaka 3. Nyama za pa famu ndiye moyo wake. Sagona asanatsanzire kulira kwa ng'ombe, kwa nkhosa, kwa tambala, mpaka tonse m'nyumba titamuyankha. N'chifukwa chake ndinabwera kwa inu kutatsala masabata 6, ndikuti tsiku lake limodzili aone famu yakeyake pabwalo. Ndinalipira theka ngati dipoziti tsiku lomwelo, theka linalo ndinamaliza Lachisanu monga munanenera. Malisiti onse awiri ndili nawo.

Zimene tinagwirizana zili m'mauthenga athu, simungati ndikupeka. Khola lofiira la matabwa opepuka, la chitseko cha mizere yoyera. Nkhata ya mabaluni a mawanga a ng'ombe, osakaniza ndi ofiira ndi achikasu. Nyama zisanu zodula pa bolodi zoimika pansi, kampanda koyera, thirakitala yobiriwira yoti ana azijambulitsirapo, ndi mitolo inayi ya mapesi a tirigu yokutidwa ndi nsalu yoti azikhalapo. Ndipo pali uthenga umodzi umene ndikufuna muubwerere muuwerengenso bwinobwino. Ndinakulemberani kuti kubwera ana 14, wamkulu wa zaka 5, wamng'ono wa miyezi 11 amene akukwawa, ndipo mmodzi amadwala mphumu. Munandiyankha kuti ndisadandaule, ntchito ya ana mumaidziwa.

Munati mufika 9 koloko m'mawa, phwando linali la 1 koloko masana. Galimoto inafika nthawi itadutsa 12 koloko, muli anyamata awiri, inuyo mulibe. Anyamatawo sindikuwada. Anali aulemu, anagwira ntchito thukuta lili kamukamu, ndipo zinaonekeratu kuti anangopatsidwa katundu osauzidwa kuti phwando ndi la ndani, ana ake ndi amisinkhu yanji.

Khola la matabwa lija silinabwere. M'malo mwake munatumiza chinsalu chosindikizapo chithunzi cha khola, chamakwinya okhaokha, chopachika pa zitsulo ziwiri zopanda chopsinjira kumunsi. Aliyense woimika zinthu panja amadziwa kuti nsalu yotambasula imakola mphepo, ndipo miyendo ya zitsulo imafuna matumba a mchenga kapena zikhomo. Panalibe ngakhale chimodzi. Kamphepo katangowomba, chonsecho chinapendekera ku tebulo la ana, mwayi mlamu wanga anali pafupi n'kuchiwakha. Kuyambira pamenepo munthu wamkulu mmodzi ankangoima atagwira chitsulo mpaka phwando kutha. Nyama zisanu zija zinabwera ziwiri, nkhumba ndi bakha. Thirakitala sitinaione n'komwe.

Mabaluni a mawanga a ng'ombe munabweretsa a mizere ya mbidzi. Nditafunsa, mnyamata wanu anati anauzidwa kuti zakuda ndi zoyera n'zofanana basi. Kwa inu mwina n'zofanana. Mwana wanga anatuluka atavala kachipewa kake ka mlimi, anazungulira bwalo lonse, kenako anabwera kudzandikoka chovala n'kufunsa kuti, "Amayi, ng'ombe ili kuti?" Ndinasowa chomuyankha. Anali atawerenga masiku pa zala mwezi wathunthu.

Komabe zonsezi ndikanazimeza. Phwando losakongola silipha munthu, ana amaiwala msanga akayamba kusewera. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china.

Mabaluni anu anayamba kuphulika alendo asanakhale pansi. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Anyamata anu anandiuza okha kuti munawapopa Lachisanu madzulo, anagona m'matumba a pulasitiki, n'kubwera m'galimoto yotentha. Ambiri anali opopa mopitirira, atatalika kumunsi m'malo mokhala obulungira, ndipo nkhata yonse anaimangirira padzuwa, pamene mthunzi unalipo mbali inayo. Mpweya ukatenthedwa umafufuma, labala wokokeka kale sapirira, ndipo mabaluni a mtundu wakuda amatentha msanga kuposa owala. Mabaluni ena opopa helium, mpweya wopepuka umene umawaulutsa m'mwamba, nawo anali atagwa kale. Baluni wamba wa labala wopopa helium amauluka maola 8 mpaka 12 ngati simunathiremo mankhwala otsekera mpweya, ndiye wopopa dzulo lake madzulo angafike bwanji masana? Ankangokwawa pansi, zingwe zake zazitali zikukola ana miyendo.

Tsono zidutswa za mabaluni ophulika zinali mbwee pa kapinga, pomwe ana amakhala. Ndinatola paketi yopanda kanthu imene anyamata anu anasiya, ndipo ndili nayo pano. Yalembedwa chenjezo limene limakhala pa mapaketi a mabaluni, lakuti ana osakwana zaka 8 angathe kutsamwa kapena kubanika ndi baluni wosapopa kapena wophulika, ndipo zidutswa zizitayidwa nthawi yomweyo. Pa ana 14 aja panalibe ndi mmodzi yemwe wofika zaka 8. Khanda la miyezi 11 lija tinalipeza lili ndi kachidutswa kofiira m'kamwa. Mayi ake anaona kamwa ikutafuna, n'kukachotsa kadakali pa lilime. Mukudziwa chimene chimaopsa ndi labala? Akatsikira kummero sakhala ngati kamwala kapena kanjere. Amamatirira n'kutseka njira ya mpweya, amatanuka mwana akamayesa kupuma, ndipo kumumenya pamsana kawirikawiri sikumutulutsa. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona nkhope ya mayi uja. Anali mlendo wanga, anabwera ndi mwana wake kunyumba kwanga pondikhulupirira ine, ndipo ine ndinakhulupirira inu.

Sindikunena kuti mabaluni asamapezeke pa phwando la ana, ndine ndemwe ndinawapempha. Koma wodziwa ntchito amawapopa tsiku lomwelo, mosadzaza kwambiri, amawamangirira m'mwamba pomwe timanja sitifika, pamthunzi, ndipo amauza makolo kuti wina akhale tcheru kutola zidutswa. Mawu amodzi okha ochenjeza akanakwana. Palibe anatiuza kanthu.

Za mitolo nazo ndinene. Tinagwirizana mapesi a tirigu, inu munabweretsa udzu wodyetsa ziweto. Si chinthu chimodzi ayi. Mapesi ndi zotsala akakolola, ouma gwa, achikasu, amphako mkati. Udzu wa ziweto amaumweta uli wauwisi, uli ndi masamba ndi njere zake, amauyanika kenako n'kuumanga, ndipo ukamangidwa usanaumitsitse kapena ukasungidwa ponyowa umachita chuku. Wanuwo unali wotero. Mtolo umodzi unali wakuda kunsi, fungo lake la chinyontho likumveka patali, ndipo nsalu zokutira zija sizinabwere. Ana anayamba kulumphapo, fumbi koboo. Mwana wa mphumu uja anayamba kutsokomola, kenako kupuma kwake kunayamba kulira, mayi ake anamupopera mankhwala n'kunyamuka naye keke tisanadule. Ndi mnzake wapamtima wa mwana wanga. Ndinakulemberani za mwana ameneyu kutatsala masabata 6, simungati simunadziwe. Ndipo mtolo wina anauika mogundana ndi tebulo la keke, pomwe timayenera kuyatsa makandulo. Udzu wouma ndi moto, ana aang'ono atazungulira. Tinaukoka tokha.

Chomaliza ndinachiona madzulo posesa. Tinyali tating'ono timene munaika m'mabotolo a pa matebulo timayendera timabatire tathyathyathya tonga mabatani, ndipo tiwiri tinali totsekuka, kotsekera kake kopanda sikuluwu. Batire limodzi ndinalipeza pansi pa mpando. Mwana akameza batire lotere n'kukakamira kummero, limatha kuwotcha mnofu koopsa m'maola awiri okha, ndipo poyamba sizioneka kuti pali vuto. Usiku umenewo ndinawerenga mabatire onse kawiri, n'kuimbira makolo mmodzimmodzi kuwafunsa ngati ana ali bwino. Ganizani manyazi ndi mantha ake.

Kuti ndisakunamizireni, nsalu za pa matebulo za mabokosi ofiira ndi oyera zinali zaukhondo ndi zokongola, ndipo kampanda koyera kanabwera monga tinagwirizanirana. Ndi zomwezo zimene zikuoneka pa chithunzi mwaika pa Facebook chija. Munachijambula chammbali, khola lopendekera silikuoneka, munthu wogwira chitsulo mwamudula. Koma nkhope ya mwana wanga ikuoneka bwinobwino, pamodzi ndi ana ena atatu a eni ake. Simunandipemphe, ndipo makolo awo simunawapemphe. Mmodzi wandiimbira kale kundifunsa kuti mwana wake akutani pa tsamba la malonda.

Ndiye zimene ndikupempha ndi izi. Chithunzicho chichotseni lero, osati mawa. Ndalama za khola la matabwa, thirakitala, nyama zitatu zimene sizinabwere ndi mitolo ija mundibwezere, popeza pa pepala lanu la mitengo chilichonse munachilemba pachokha ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta. Za nsalu za pa matebulo, kampanda ndi thukuta la anyamata anu sindikufuna kubwezeredwa, zimenezo munagwira. Ndipo ndikufuna inuyo eni ake, osati wantchito, mundiimbire, mundiuze chimene chinachitika ndi chimene musinthe musanakakongoletse phwando la mwana wina. Ndaona pa tsamba lanu lomweli kuti Loweruka likubwerali muli ndi lina la mwana wa chaka chimodzi, ndipo ndi chifukwa china chimene sindinathe kudikiranso.

Zitsulo zanu ziwiri, chinsalu cha khola ndi mabotolo aja zidakali kwathu, ndaziika pamwamba pomwe ana safika. Mabatire ndawamata ndi tepi n'kuwatsekera m'kabotolo kawokha. Nambala yanga muli nayo. Ndidikira foni yanu mpaka Lachisanu madzulo, kupitirira apo nditenga malisiti, mauthenga ndi zithunzi zanga kupita nazo ku ofesi yoona madandaulo a ogula.