Lipoti la msonkhano wa ophika makeke: nkhani ya baking powder

Anzanga a m'gulu lathu, zikomo kwambiri pondituma. Ndinapita ndi funso lija munandipatsa, loti n'chifukwa chiyani makeke athu amafufuma bwinobwino mu uvuni kenako n'kuphwa pakati. Yankho ndabwera nalo: timathira baking powder wambiri mopyola muyezo.

Aphunzitsi anayamba ndi kutifotokozera zomwe zili m'chitini cha baking powder. Muli soda, asidi wouma ndi sitachi. Ntchito ya sitachi ndi kuyamwa chinyontho kuti soda ndi asidi zisayambe kugwira ntchito zikadali m'chitini. Ziwirizi zikakumana ndi madzi zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo timathovu ta mpweyawu ndi timene timakweza keke. Baking powder wambiri wa masiku ano amagwira kawiri, pang'ono tikamakanda, kwambiri akamva moto. Anatiuzanso kuti Alfred Bird wa ku Birmingham, ku England, anapanga wake m'chaka cha 1843 chifukwa thupi la mkazi wake silinkagwirizana ndi yisiti. Nkhani imeneyi inandikhudza mtima.

Kenako anaphika makeke awiri ife tikuona. M'keke yoyamba anathira sipuni imodzi yaing'ono pa kapu iliyonse ya ufa, inayo masipuni atatu. Ya masipuni atatu inakwera mofulumira mpaka kusefukira, moti tonse tinkati yapambana ndi imeneyi. Koma timathovu tija tinakula n'kuphulika ufa usanalimbe, keke yonse n'kugwera mkati. Ataidula, inali ndi mabowo akuluakulu, ndipo nditalawa ndinamva kuwawa kuja makasitomala athu amadandaula. Ndinachita manyazi, chifukwa inenso ndakhala ndikuthira mongoyerekeza.

Za soda ndinene mwachidule. Iye ndi wamphamvu kuwirikiza katatu kapena kanayi kuposa baking powder, ndipo amafuna chinthu chowawasa, monga mandimu kapena mkaka wosasa. Tisamusinthanitse ndi baking powder sipuni kwa sipuni.

Baking powder amathanso mphamvu akalowa chinyontho. Pomuyesa, thirani theka la sipuni m'madzi otentha. Akachita thovu nthawi yomweyo ndi wabwino, akangokhala chete mutayeni. Nditabwerako ndinayesa chitini cha gulu lathu, thovu lake linali lochepa kwambiri.

Ndikupempha kuti tizitunga ndi sipuni youma, tizisalaza pamwamba poyeza, ndipo chitini chizitsekedwa tikangomaliza. Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi chitini chake, ine ndidzawiritsa madzi kuti tidzayesere limodzi.