Lipoti la msonkhano wa kafunsidwe ka viza kudzera m'makampani ndi pa intaneti

Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Zikomo pondituma kukakuimirirani ku msonkhano wa masiku awiri uja. Munandipatsa mafunso atatu: chifukwa chake makasitomala athu sakufikanso ku ofesi ya kazembe, chifukwa chake tsiku lokasiya mapepala likusowa chonchi, ndiponso ngati viza ya pa intaneti itilande ntchito ife alangizi a maulendo. Loyambalo ndabwera ndi yankho lokwanira. Enawo muweruza nokha mukamva zimene ndinaona.

Ntchito yolandira mapepala a viza inayamba kupita m'manja mwa makampani mu 2001, pamene VFS Global inayambitsidwa ku Mumbai pansi pa kampani ya maulendo ya ku Switzerland yotchedwa Kuoni. Inayamba ndi kuthandiza ofunsira viza ya ku America, mizere itakula pakhomo pa ofesi za kazembe. Lero palinso TLScontact, ya gulu la Teleperformance la ku France, ndi BLS International ya ku New Delhi, imene inapeza kontirakiti ya dziko la Spain mu 2016. Mu 2021 kampani ya Blackstone inagwirizana zogula gawo lalikulu la VFS Global. Ndatchula dala zimenezi, chifukwa anthu ngati amenewo saika ndalama pamalo popanda phindu, ndipo phindulo limachokera m'thumba la munthu amene timamuthandiza ifeyo.

Chachikulu chimene ndabwera nacho n'chakuti kampani sipereka viza ndipo siikaniza munthu viza. Imalandira fomu ndi pasipoti, kujambula nkhope, kutenga zidindo za zala, kulandira ndalama, n'kutumiza zonse kwa kazembe. Wogamula ndi wogwira ntchito m'boma la dziko lomwe munthuyo akufuna kupitako. Pasipoti imabwerera mu envulopu yomata, moti kalaliki amene akuipereka pawindo sadziwa n'komwe zimene zili m'katimo. Ambiri mwa ife timazidziwa izi, koma makasitomala sadziwa, ndipo ena a ife takhala tikuwasiya akhulupirire kuti kulipira zambiri pawindo kumafewetsa mtima wa kazembe.

Titenge viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, poti ndiyo inakambidwa kwambiri. Kuyambira pa 11 June 2024 wamkulu amalipira mayuro 90, kuchoka pa 80, ndipo mwana wa zaka 6 mpaka 11 amalipira 45. Pamwamba pake pali ndalama ya kampani, imene lamulo la viza la European Union (EU) limati kawirikawiri isapitirire theka la ndalama ya vizayo. Munthu akakanidwa, zonse ziwirizi sizibwezedwa. Kenako pamabwera zowonjezera: chipinda chapadera chodikirirako, uthenga wa pafoni wonena pamene pasipoti yafika, kukutumizira pasipoti kunyumba, kukuthandiza kulemba fomu, kufotokopa. Oimira makampani anabwereza kangapo kuti zonsezi munthu amasankha yekha. Sindikutsutsa. Koma atationetsa tsamba lobukitsira pa sikirini yaikulu, ndinaona kuti zowonjezerazo zimatulukira munthu asanafike polipira, ndipo kabatani kozidumphira n'kakang'ono, kali m'munsi. Mayi amene akupita koyamba kukaona mdzukulu, mtima uli m'mwamba, angalimbe mtima kudumpha chinthu chimene chaikidwa patsogolo pake chotero?

Pa nkhani ya masiku obukitsa m'pamene holo inatentha. Makampani akuti chiwerengero cha anthu olandiridwa patsiku amachiika ndi akazembe, molingana ndi antchito amene ali nawo owerenga mafomu. Akazembe akuti ofunsira achuluka chitsegulireni malire pambuyo pa Covid-19. Aliyense akuloza mnzake chala, koma onse akuvomereza kuti mzere umene unali pakhomo sunathe, wangosamukira pa intaneti. Ndipo madobadoba asamukira nawo komweko. Amagwiritsa ntchito timapulogalamu ta pa kompyuta tosesa malo onse akangotsegulidwa, n'kumawagulitsa, chonsecho kubukitsa kwenikweniko n'kwaulere. Lamulo la EU limati tsiku lokaonekera liyenera kupezeka pasanathe milungu iwiri chipemphereni, ndipo yankho lituluke m'masiku 15, kapena 45 ngati pali zofufuza. Mfundo ya milungu iwiriyi itawerengedwa, anthu anaseka. Chimene chingatithandize m'lamulo lomwelo ndi chakuti munthu angathe kupereka mapepala kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti anyamuke. Ambiri amatipeza kutatsala milungu itatu, tikiti atagula kale.

Tsiku lachiwiri linali la viza ya pa intaneti. Si chinthu chachilendo: Australia inayamba chilolezo chotere mu 1996, India mu 2014, ndipo Kenya inayamba chake mu 2015. EU inavomereza mu November 2023 malamulo oti kufunsira viza ya Schengen kuzichitikira pa tsamba limodzi, komanso kuti sitika yomata m'pasipoti ilowedwe m'malo ndi chizindikiro chotetezedwa chowerengedwa ndi makina (barcode), ngakhale zimenezi zitenga zaka kuti zifike ponseponse. Ku UK makhadi a chilolezo chokhalira m'dzikomo anatha mphamvu pa 31 December 2024, ndipo m'malo mwake munthu amatsegula akaunti yoonetsa chilolezo chake, chotchedwa eVisa.

Anatipatsa mpata woyeserera, ndipo ine ndinasankha kuyesa pafoni osati pa laputopu, chifukwa makasitomala athu ambiri foni ndiyo ali nayo. Chithunzi changa chinakanidwa kawiri, koyamba chifukwa cha mthunzi kumbuyo, kachiwiri chifukwa fayilo inakula. Ndikuvutika kuichepetsa, tsamba linatseka poti nthawi inatha, ndipo ndinayambiranso kulemba dzina. Ine ndimachita zimenezi tsiku ndi tsiku, netiweki inali yabwino, wondithandiza ali pambali. Pa funso lanu lachitatu lija, ndikuona kuti ntchito yathu sikutha, koma ikusintha: tizichepetsa mafayilo, kufananitsa kalembedwe ka dzina pa fomu ndi pa pasipoti, ndi kuonetsetsa kuti imelo ndi nambala ya foni zolembedwa pa akaunti ndi za mwini wake, osati za ofesi yathu. Zala nazo siziyenda pa intaneti. Wofunsira koyamba adzafunikabe kukaonekera, ndipo zidindo za Schengen zimagwira ntchito miyezi 59 basi.

Za chitetezo cha zinsinsi anangodutsamo mothamanga, zimene sizinandisangalatse. Munthu amapereka sitetimenti ya ku banki, kalata ya kuntchito ndi zala zake kwa kampani yomwe sanaisankhe. Mu 2007 tsamba lofunsirapo viza ya UK ku India, Nigeria ndi Russia linatsekedwa zitadziwika kuti munthu akasintha manambala pa adiresi ya tsambalo ankatha kuona fomu ya wina. Mu August 2020 boma la UK linasiya pulogalamu imene inkaika ofunsira m'magulu a mtundu wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, mabungwe omenyera ufulu wa anthu a JCWI ndi Foxglove atalitengera kukhoti ponena kuti inkasankha anthu potengera dziko lochokera. Ndinafunsa kuti munthu angadandaule kwa yani ngati makina amulakwira. Yankho linali lakuti kwa kazembe, yemwe khomo lake ndi lomwe lija sitikulifikanso.

Ndikupempha komiti ikambirane zinthu izi pa msonkhano wathu ukubwerawu. Tilembe kapepala kamodzi ka makasitomala, kofotokoza kuti wogamula ndani ndiponso kuti ndi ndalama ziti zokakamiza. Pa lisiti lililonse, ndalama ya viza, ya kampani ndi yathu zizilembedwa padera. Membala wopezeka akugula kapena kugulitsa malo obukitsa aziitanidwa ndi komiti ya mwambo. Ndikudziwa kuti mfundo iyi ena siiwakomera. Pomaliza, kwa miyezi itatu aliyense azilemba tsiku limene kasitomala anayamba kusaka malo ndi tsiku limene anawapeza, kuti polembera akazembe tikhale ndi manambala athuathu.

Mapepala onse amene anatigawira ndawasiya kwa alembi, ndipo malisiti a ulendo ali kwa asungichuma.

Ine wanu,
Nthumwi yanu ku msonkhanowo