Dandaulo kwa eni kiliniki ina yolipira kuno ku Salima

Dzina la kiliniki yanu sinditchula, koma mukawerenga mudzidziwa. Ndinabwera kudzadandaula pamaso, munati adokotala atuluka, ndisiye nambala ya foni. Mpaka lero kuli zii. Ndiye ndalemba pano kuti makolo anzanga amve nawo.

Mwana wanga wa zaka 7 anagwa mumtengo wa mango n'kufikira dzanja pansi. Chigongono chinatupa nthawi yomweyo, mkono n'kukhota moti aliyense amaona. Tinathamangira kwa inu pa kabaza chifukwa ndi pafupi, komanso tinkati polipira amathandiza msanga. Munangomugwiragwira, osamujambula. Munakulunga chikhakha chothina kuzungulira mkono wonse, chigongono chili chopinda, n'kutipatsa panado kuti tidzabwere pakatha mwezi. Ndinafunsa ndithu kuti, "Adokotala, osamujambula kaye?" Munandiyankha kuti, "Mayi, mafupa a ana amalumikizana okha."

Usiku umenewo sanagone. Zala zinatupa, zinazizira, iye akuti zachita dzanzi. Ndikati ndiwongoleko chala chimodzi amakuwa mpaka aneba kudzuka. Kutacha tinabwereranso, inu munangowonjezera mankhwala opha ululu, chikhakha osachikhudza. Amalume ake ndi amene anakalipa n'kumutengera kuchipatala cha boma, komwe anang'amba chikhakhacho, kumujambula, n'kutilembera kalata ya ku Lilongwe tsiku lomwelo.

Zimene anatifotokozera madokotala a mafupa kumeneko n'zimene munayenera kuzidziwa inu. Fupa linathyoka pamwamba penipeni pa chigongono. Pa kuthyoka konse kwa pachigongono mwa ana, kumeneku ndiko kofala kwambiri, makamaka a zaka 5 mpaka 7. Pamalo amenewo pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi ndi mitsempha yoyendetsa zala, ndiye fupa likasemphana limatha kuipsinja kapena kuibaya. Fupa losemphana chotere chikhakha pachokha sichingaligwire. Mwana amamugoneka ku fiyeta, chipinda chopangira opaleshoni, amakoka mkono n'kubwezera fupa m'malo mwake akuyang'ana pa makina ojambulira, kenako amalowetsa timawaya tiwiri kapena titatu kudzera pakhungu kuti fupa lisasunthe. Nthawi zambiri sang'amba n'komwe. Timawayato amatichotsa pakatha milungu 3 kapena 4. Ngakhale chikhakha chimene amaika poyamba ndi cha theka, chakumbuyo kokha, kusiya mpata woti mkono utupire.

Dokotala wa ku Lilongwe asanachite chilichonse anagwira pamkono kumvetsera kugunda kwa magazi, anatsina chikhadabo kuona ngati chikubwerera kufiira, kenako anati, "Iwe, tagunditsa chala chachikulu ndi cholozera, upange kamphete." Mwana analephera. Zonsezi sizinatenge mphindi ziwiri ndipo sizifuna makina. Inu munalephera bwanji?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti tinabwerera kwa inu mwana akulira, zizindikiro zonse zili poyera. Magazi akasiya kuyenda bwino mumkono wothinidwa, minofu imayamba kufa pa maola ochepa chabe. Ikafa siibwerera, imafota, zala n'kupindika ngati zikhadabo za kabawi, mpaka kalekale. Fupa likalumikizana lili chosemphana, mkono umakhota, ndipo kuuwongola kumafuna opaleshoni yaikulu yodulanso fupa. Palinso kuthyoka kwina kwa mbali yakunja kwa chigongono kumene kumavuta kuona ngakhale pa chithunzi, poti chigongono cha mwana chimakhala chisanakhwime chonse, ndipo kusemphana kopitirira mamilimita 2 okha kumafuna opaleshoni. Ngati ojambula amene amayenera kupenyetsetsa chonchi, inu mumadziwa bwanji ndi zala zokha?

Wanga anamupanga opaleshoni, fupa linagwirana, tikuthokoza Mulungu. Koma zala sizinamasuke bwino. Pensulo amagwira movutikira, mbamu ya nsima akutemera dzanja lamanzere, aphunzitsi ake akuchita kumupatsa nthawi yapadera polemba. Tikupitabe ku mafizo, kumene amamuchititsa masewero omasula zala. Ndalama ya minibasi, ya chakudya podikirira kuchipatala, geni yanga ya usipa imene inaima, zonsezo ndasenza ndekha.

Sindikunena kuti mukanapanga opaleshoni. Fiyeta mulibe, ndikudziwa. Ndikunena kuti mukanavomera kuti izi zakukulirani, n'kumanga mkono mosathina, n'kulemba kalata. Kuchoka pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Pa Kamuzu Central pali chipatala cha mafupa cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023. Ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, chimene chakhala chikuthandiza ana olumala mafupa mwaulere kuyambira 2002. Ngakhale pachipatala cha boma pomwe pano pali ogwira ntchito amene anaphunzira za mafupa. Kalata yotumiza wodwala siiwononga ndalama yanu iliyonse, koma inu munasankha kulandira ndalama ya chikhakha n'kutibweza kunyumba. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kuika ndalama patsogolo pa mkono wa mwana.

M'buku la kuchipatala la mwanayu munangolemba mzere umodzi, wopanda dzina la amene anamuona. Ndikufuna mundiuze anali ndani komanso ngati ali ndi chilolezo chogwira ntchito imeneyi. Ndikufuna mundibwezere ndalama zanga, ndipo musiye kuika chikhakha pachigongono cha mwana amene sanajambulidwe.

Nambala yanga muli nayo. Mwezi uno ukatha musanandiimbire, nditenga buku, malisiti anu ndi zithunzi za mkono kukapereka ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala ndi zipatala, ku Lilongwe.