Wakontrakiti muzimuuza zomwe zasintha asanagwire chipangizo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ife ogwira ntchito za kontrakiti chifukwa yakhala ikundisowetsa mtendere. Masiku ano mabwana ena akamalemba munthu wa miyezi iwiri kapena itatu akumati chachikulu akhale womvana ndi anzake, luso aphunzira pa ntchito pomwepo, pomwe ena akuti ayi wakontrakiti timangofuna manja ake basi, abwere, akhome zokhomazo, alandire zake azipita. Ine ndine wamagetsi, zaka zambiri ndazithera pa masaiti a zomangamanga, mwezi uno pano mwezi wamawa uko, ndipo onse awiriwa sindigwirizana nawo.

Zoti luso lidzabwera lokhazo ndikukana kaye. Munthu wosadziwa kuti mababu amafuna waya wa saizi 1.5, masoketi 2.5, kuka ya magetsi waya wokulirapo ngati 6, olo akhale wansangala bwanji, olo azipatsa moni aliyense m'mawa, nyumbayo tsiku lina ipsa ndithu ndipo mogonamo muli ana. Wakontrakiti amaitanidwa chifukwa pali chinthu chimene apakhomopo sachitha kapena alibe nthawi yochichita, ndiye akafika ali wosadziwa palibenso chokambirana.

Koma luso lokhalo linandigwetsapo ine, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Ndinaitanidwa pa nyumba ina kwa masabata atatu, foromani anandipatsa pulani, ine ndi mnyamata wanga tinayamba kugoba makoma, kuika mapaipi a waya, mabokosi a masoketi onse pa levulo imodzi, ntchito yoti aliyense wodutsa amaima n'kuyang'ana. Osadziwa kuti pulani ija inali yakale. Khitchini anali ataitembenuza pa msonkhano umene unachitika ine ndisanabwere, sinki inapita pomwe panali kuka, kuka inapita pomwe panali sinki. Foromani ankadziwa, bilidala ankadziwa, pulambala ankadziwa ndipo tsiku lililonse ankandidutsa atanyamula mapaipi ake. Ndipo inenso ndinaona ndi maso angawa paipi yamadzi itatulukira pakhoma pomwe pulani yanga imati pakhala kuka, ndinaima, ndinaiyang'ana, koma sindinafunse. Wakontrakiti amaopa kufunsa, amaona ngati akafunsa anena kuti tabweretsa munthu wosadziwa ntchito ndiye ulendo wina sadzamuitananso. Zinadziwika pulasitala atauma kale. Tinaphwanya, masiku anayi anapita pachabe, ndipo ndalama anadula kwa ine.

Pa nyumba imene ija panalibe mbuli. Aliyense ntchito yake ankaidziwa bwinobwino, chinasowa ndi pakamwa basi.

Wina anena kuti izi ndi za amisiri ang'onoang'ono, akuluakulu ophunzira sizingawachitikire. Mu 1999 bungwe la NASA, loona za maulendo a m'mlengalenga ku America, linataya chombo chake cha Mars Climate Orbiter chitafika kale ku pulaneti ya Mars patatha miyezi yoposa 9 chili pa ulendo. Kampani ya Lockheed Martin imene inapatsidwa kontrakiti inali ndi pulogalamu ya pakompyuta yotulutsa manambala a mphamvu m'mapaundi, pomwe anzawo oyendetsa chombocho ankawawerenga ngati ma newton, muyezo wina wa mphamvu, ndipo paundi imodzi ndi ma newton pafupifupi 4.45. Chombo chinatsika kwambiri kuposa muyezo ndipo pa 23 September chinasowa osamvekanso. Anthu amenewo masamu amawadziwa kuposa tonsefe, koma pamene ntchito ya uyu imakumana ndi ntchito ya uyo panalibe anatsimikiza kuti akuyankhula chinthu chimodzi.

Yomwe imandiliza kwambiri ndi ya hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City, ku America komweko, pa 17 July 1981. Munali timilatho toyendapo anthu m'mwamba, tolendewera pa zitsulo. Pulani yoyamba imati chitsulo chimodzi chachitali chinyamule timilatho tiwiri, koma kampani yopanga zitsuloyo inaona kuti ndi zovuta kupanga ndiye inasintha n'kuika ziwiri zifupizifupi, kamlatho kam'munsi n'kumalendewera pa kam'mwamba. Kusintha kumeneko kunachititsa kuti polumikizira pa kam'mwamba pazinyamula katundu wowirikiza kawiri. Mapulani osinthidwawo anadutsa kwa mainjiniya n'kuvomerezedwa popanda wowerengetsanso, uyu kuganiza kuti uyo waona kale. Usiku wa dansi anthu atadzaza timilatho tija tinagwa, anthu 114 anafa, ndipo mainjiniya aja anawalanda ziphaso.

Ndiye ine ndikamamva mawu oti kugwirira ntchito pamodzi sindiganiza za kuseka ndi anzako pa nthawi yopuma kapena kukhala munthu wosakana chilichonse. Kwa wakontrakiti ndi zinthu zooneka, kufunsa ngati pulani yomwe wagwirayo ndi yomaliza, kuuza wobwera pambuyo pako pomwe wadutsitsa waya asanaboole khoma, kunena msanga kuti apa sizikugwirizana olo amene ukumuuzayo ndi wamkulu kwa iwe. Amene analembedwa ntchito yokhazikika zinthu zambiri amangozimva, anali pa msonkhano, ali pa gulupu ya WhatsApp, amadziwa kuti bwana akati mawa amatanthauza sabata yamawa. Ife timafika ngati mlendo, ndipo paja amati mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, ndiye anthu saona chifukwa chotayira nthawi kumufotokozera munthu amene mwezi wamawa kulibe. Tangowerengani, anthu 5 pa ntchito ndiye kuti pali njira 10 zoti awiriawiri auzane zinthu, akakhala 10 njirazo zimafika 45, ndipo amene amaiwalika pa njira zonsezo ndi uja wabwera dzuloyu.

Apa ndi pomwe ndikupempha olemba ntchito. Simungamuweruze munthu kuti samvana ndi anzake pomwe simunamuonetse n'komwe anzakewo. Achipatala anazindikira zimenezi, mu 2008 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linatulutsa mndandanda wa zoti madokotala azitsimikiza pochita opaleshoni ndipo chimodzi mwa izo n'choti asanayambe kucheka aliyense m'chipindamo atchule dzina lake ndi ntchito yake. Atauyesa m'zipatala 8 za m'mayiko osiyanasiyana, imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa odwala 100 aliwonse. Ngati madokotala amaima kaye n'kudziwana wodwala ali pa tebulo, foromani angalephere bwanji kupatula mphindi 20 tsiku loyamba kuti awa ndi apulambala, awa ndi akalipentala, pulani yatsopano ndi iyi, chikakuvutani funsani kwa uje? Ndipo nthawi imeneyo iwerengedwe ngati ntchito, osati munthu akhale pa msonkhano maola awiri kenako muzimufunsa chifukwa chomwe sanamalize.

Chinanso chimene chimandipweteka, mawu omwewa a umodzi ena amawagwiritsa ntchito pofuna kutidyera masuku pamutu. Mwagwirizana zoika magetsi, mawa akuti tathandizani kutsitsa simenti, mkuja akuti tangokonzaninso pampu iyi si tonse ndife amodzi, ukangoti izi sizili mu kontrakiti basi wasanduka wovuta, wodzimva. Kuthandizana ndimakukonda ndipo ndatsitsapo simenti kambirimbiri ndi mtima wonse, koma umodzi umene umagwira ntchito pa nthawi yonyamula zinthu yokha, pa nthawi ya malipiro n'kumati inu paja ndi akunja, umenewo ayi.

Kwa anzanga a kontrakiti, makamaka achinyamata amene mwangotuluka kumene ku sukulu za ntchito zamanja, funsani, musachite zomwe ndinachita ine poyang'ana paipi ija n'kukhala chete. Ine pano ndikafika pa saiti sindigwira chizulo ndisanamupeze pulambala ndi bilidala tiime limodzi pa khoma ndi choko m'manja. Ndipo tsiku lochoka ndimalemba pa bokosi la mabureka kuti iyi ndi ya khitchini, iyi ya giza, iyi ya panja, ndimajambula makoma onse pa foni pulasitala asanaphimbe n'kutumizira mwini nyumba zithunzizo, chifukwa amene adzabwere kudzakonza patatha zaka zisanu sadzakhala ndi nambala yanga.

Ndine wanu,
Wamagetsi wa kontrakiti